Nyumba ndi Yeniyeni, Nambala ndi ya Wakuba

Munthu wa ku Mecanhelas ndi wapaulendo. Boma limeneli lili kumwera kwenikweni kwa chigawo cha Niassa ku Mozambique, latsamira malire a Malawi, ndipo m'nyanja za Chilwa ndi Chiuta timaphamo nsomba limodzi ndi anzathu a ku Machinga. Njanji yochokera kudoko la Nacala imadzera pa Cuamba n'kudzatulukira pa Entre Lagos, pamene tsidya linalo pali Nayuchi. Tsiku lililonse wina amanyamuka pa Insaca kukagulitsa mpunga ku Cuamba, wina kuperekeza wodwala ku chipatala chachikulu cha Nampula, wina kukasiya mwana ku sukulu ya ukachenjede ku Lichinga, winanso kukapikula katundu ku Liwonde kapena ku Limbe. Ukafika Disembala, aphunzitsi, anamwino ndi ena apantchito amene asungako kandalama amafuna kuti ana akaone nyanja yaikulu ku Metangula kapena ku Mangochi, enanso nyanja yamchere ku Chocas Mar ndi ku Ilha de Moçambique. Onsewa asananyamuke amadzifunsa funso limodzi: ndikafikira kuti?

Kale funso limeneli linkayankhidwa ndi munthu. Unkafikira kwa msuweni, kwa alamu, kwa wa mpingo umodzi. Ukakhala wopanda mbale kumeneko, unkatsika sitima n'kuyamba kugogoda pa resitihausi iyi ndi iyo, kuona bedi ndi maso ako, kununkhiza bafa, kenako n'kulipira. Ndalama zinkachoka m'manja mwako kulowa m'manja mwa munthu amene waima pakhomo pa nyumba yomweyo. Lero ambiri timayamba ndi foni. Timalemba dzina la tauni pa Facebook, timafunsa m'magulu a WhatsApp, timaona zithunzi, timatumiza chikole pa M-Pesa kapena e-Mola, n'kukwera galimoto mtima uli m'malo. Apa ndi pamene akathyali apezerapo mpata, chifukwa pakati pa chithunzi cha nyumba ndi nambala imene ikulandira ndalama palibe chingwe chilichonse chozimangirira pamodzi.

Wakuba wa mtundu umenewu safuna kiyi, safuna kuthyola loko, safunanso kufika m'tauni imene akuitchula. Chimene amafuna ndi foni, bandulo ya intaneti ndi simukhadi. Amafufuza tsamba lenileni la loji kapena nyumba ya alendo imene ikuyenda bwino, n'kukopera zithunzi zake zonse: khonde loyang'ana kunyanja, bedi la masikito woyera, mbale ya chambo ndi nsima, ngakhale chikwangwani cha pageti. Amatsegula tsamba latsopano la dzina lomwelo, kungosintha chilembo chimodzi kapena kuwonjezera liwu kumapeto. Mawu ofotokoza malowo amawakopera momwe alili, mayamiko a alendo akale amawakoperanso. Zimene amasintha n'ziwiri zokha: nambala ya foni ndi mtengo. Mtengowo sautsitsa kwambiri, poopa kuti mungakayike. Amangoutsitsa pang'ono, kuti muone ngati mwatola mwayi. Ena amafika polipira Facebook kandalama kuti tsamba lawo lionekere anthu ambiri, moti labodzalo limayamba kukupezani lenilenilo musanalione.

Mukangolemba uthenga, yankho limabwera nthawi yomweyo, laulemu zedi. "Takulandirani bwana. Masiku amenewo chipinda chatsala chimodzi chokha, ndipo pali banja lina likuchifunanso. Tumizani theka kuti ndikusungireni." Mukapempha kuti akuimbireni pa kanema muone malowo, amati netiweki ikuvuta, kapena ali kumaliro, kapena ali ku Maputo ndipo kiyi ali ndi mlonda. Mukayamba kutumiza ndalama, foni imakuonetsani dzina la mwini nambala, ndipo dzinalo siligwirizana ndi la amene mukulankhula naye. Yankho lake amakhala alikonzeratu: "Musadabwe, imeneyo ndi nambala ya akazi anga, yangayi yadzaza." Ndalama zikalowa, ena amazimitsa foni pompo. Ochenjera kwambiri amakutumizirani lisiti lokongola, lokhala ndi chidindo, kenako mawa lake amati pakufunika kena ka magetsi, kena ka chitetezo cha katundu wa m'nyumba kamene mudzabwezeredwe potuluka. Munthu amene walipira kale kamodzi savuta kulipiranso, chifukwa safuna kuti zoyambazo zipite pachabe.

Chimene chimapangitsa umbava umenewu kukhala wovuta kuuzindikira n'chakuti pafupifupi zonse zimene mwaona n'zoona. Nyumbayo ilipodi. Mukafunsa mnzanu amene anafikako ku Mangochi, akuuzani kuti loji imeneyo amaidziwa ndipo ndi yabwino. Mukayang'ana pa Google Maps muipeza ili pamalo pake. Ndiye n'chifukwa chake sindigwirizana ndi anthu amene amaseka oberedwa, n'kumati anali ogona. Oberedwa ambiri anafufuza ndithu, kungoti anafufuza za nyumba, pamene bodza linali pa nambala.

Si vuto la kwathu kokha, ndipo si vuto la anthu osaphunzira. Mu Julayi 2022, nyumba ina ya kumpoto kwa London inayamba kulandira alendo ochokera m'mayiko osiyanasiyana, zikwama zili m'manja, onse akunena kuti anasungitsa malo kudzera pa Booking.com. Mwini nyumbayo anali asanaiikepo pa lendi chibadwire. BBC inalengeza kuti anthu pafupifupi 100 anagogoda pakhomo limenelo mwezi umodzi wokha. Mu 2019, mtolankhani Allie Conti analemba pa tsamba la nkhani la Vice za gulu limene linkagwiritsa ntchito mayina ndi zithunzi zabodza pa Airbnb m'mizinda ingapo ya ku America: mlendo akatsala pang'ono kufika ankamuimbira kuti mapaipi aphulika, n'kumusamutsira ku nyumba ina yonyansa. Patangopita masiku ochepa nkhaniyo itatuluka, mkulu wa Airbnb, Brian Chesky, analonjeza kuti kampaniyo itsimikiza nyumba zonse 7 miliyoni zimene zinali pa tsamba lake. Mu 2023 kunabukanso njira ina: mbava zinkaba mawu achinsinsi a mahotela enieni, n'kumalembera alendo kudzera mkati mwa Booking.com momwemo, kuwauza kuti alipirenso apo ayi chipinda chawo chiperekedwa kwa wina. Ngati makampani a ndalama zankhaninkhani chonchi amalowereredwa, kuli bwanji gulu la WhatsApp limene woyang'anira wake ndi mnyamata wogulitsa mayunitsi?

Koma pali kusiyana kumodzi kwakukulu, ndipo kumatipweteka ifeyo. Mlendo wa ku Ulaya amalipira ndi khadi la banki, kawirikawiri kudzera pa kampani imene imayamba yasunga ndalamazo mpaka iye atalowa m'nyumba. Akaberedwa amakadandaula ku banki, ndipo nthawi zambiri amabwezeredwa. Ife timalipira ndi ndalama za pafoni. Sindikuzinyoza ayi. mKesh itayamba mu 2011, M-Pesa ya Vodacom mu 2013, kenako e-Mola ya Movitel, midzi imene banki inali ulendo wa tsiku lathunthu inapeza polandirira ndi potumizira ndalama, monganso Airtel Money ndi TNM Mpamba zachitira tsidya la Malawi. Msodzi wa pa Chiuta lero amalandira ndalama za matemba ake asanatsuke bwato. Komabe ndalama ya pafoni ikachoka, yachoka ngati ya m'manja. Wakubayo amakhala ataima kale pafupi ndi kachikwangwani ka ejenti. Uthenga ukangolira, amatapa zonse, kapena amazigawa ku manambala ena atatu. Pofika nthawi imene inu mwatsika basi, mwagogoda pageti, mwakangana ndi mlonda, n'kuzindikira zimene zachitika, mu akauntiyo mulibe ngakhale metikali imodzi.

Wina anganene kuti simukhadi iliyonse imalembetsedwa ndi chiphaso, ndiye wakubayo agwidwa. Lamulo likuterodi m'mayiko onse awiri. Ku Malawi kulembetsa kunakhwimitsidwa mu 2018. Koma chiphaso chimene chinalembetsa nambalayo sichikhala cha wakubayo. Chimakhala cha agogo ena akumudzi amene anapatsidwa kandalama kuti abwereketse chiphaso chawo, kapena cha munthu amene anataya chikwama pa depoti, kapena cha malemu. Apolisi akalondola dzinalo amakafika pakhomo pa munthu amene sadziwa n'komwe kuti Facebook n'chiyani. Apa ndipemphe makolo athu: chiphaso si chobwereketsa, ngakhale wopemphayo akhale mdzukulu.

Malire nawonso amathandiza mbava. Kufupi ndi Entre Lagos anthu ambiri amayenda ndi masimukhadi a mayiko onse awiri, ndipo kwacha ndi metikali zimasinthana m'manja tsiku ndi tsiku. Tiyerekeze mphunzitsi wa ku Insaca amene akufuna kukagona ku Cape Maclear. Wapempha mnzake wa ku Nayuchi kuti amutumizire chikolecho pa Airtel Money, iye wabweza ndi mametikali. Ataberedwa, akadandaule kuti? Polisi ya Mozambique ilibe mphamvu pa nambala ya ku Malawi. Polisi ya Malawi ifunsa kuti wodandaula ndi ndani, popeza nambala imene inatumiza ndalama si ya woberedwayo. Kuti nkhani iyende pafunika kuwoloka malire kangapo, ndipo ndalama zoyendera zimaposa zimene zinabedwa. Ambiri amangoti zapita zapita. Wakubayo amadziwa zimenezi, n'chifukwa chake sapempha ndalama zambiri kwa munthu mmodzi; amapempha zochepa kwa anthu makumi angapo.

Za tchuthi n'zopweteka, koma zopweteka koposa ndi za ana asukulu. Chinyengo chomwechi chimagwira ntchito pa zipinda za lendi. Kumayambiriro a chaka, mayina a osankhidwa akatuluka, makolo amathamanga kufunira ana pogona pafupi ndi Universidade Católica ku Cuamba, UniRovuma ku Lichinga kapena UniLúrio ku Nampula. Zipinda zabwino zimatha msanga, aliyense amadziwa zimenezo, ndiye mawu akuti "pali wina akuchifunanso" samveka ngati bodza. Kumeneko chikole si cha usiku umodzi, ndi lendi ya miyezi iwiri kapena itatu, ndalama za mpunga kapena fodya wa chaka chathunthu. Mwana wamkazi amafika madzulo m'tauni yachilendo, matilesi ali pamutu, n'kupeza kuti m'chipindamo muli kale munthu ndipo alandilodi sanamvepo dzina lake. Abale athu a ku Johannesburg ndi Cape Town amakumana nazonso pofuna zipinda, ndipo amene mapepala ake sali bwino sayerekeza n'komwe kuponda ku polisi.

Palinso woberedwa wachiwiri amene timamuiwala: mwini malo. Iyeyu anamanga nyumba yake ndi thukuta, anajambulitsa zithunzi kuti apeze alendo, ndiye tsiku lina pageti pafika banja lotopa, ana akulira, bambo akumuloza chala kuti ndi wakuba. Akawakana, mawa dzina la loji yake lili pa Facebook kuti amabera anthu. Akawamvera chisoni n'kuwagoneka ulele, waluza chipinda pa nyengo imene amadalira kuti apeze za chaka chonse. Ndipo alendo ena amene akanabwera kwa iye anathera kwa wakubayo. Mbiri yoipa imathamanga kuposa kukonza kwake. Amene anamva kuti pamalopo pamabedwa sadzamvanso kuti tsambalo linali labodza.

Ena amati njira ndi yosavuta: osalipira kalikonse usanafike. Malangizo amenewa ndi abwino mwezi wa Meyi, pamene zipinda zili mbwee. Pa Khirisimasi ndi pa Chaka Chatsopano sagwira. Mwini loji wachilungamo ali ndi chifukwa chomveka chofunira chikole, pakuti alipo alendo amene amasungitsa chipinda n'kusabwera, osanenanso. Choncho chikole pachokha si chizindikiro cha umbava. Funso loyenera si lakuti ndilipire kapena ndisalipire, koma lakuti: ndatsimikiza bwanji kuti nambala iyi ndi ya khomo ilo?

Njira imene imaposa zonse ndi yakale ija: munthu. Pezani wina amene mumamudziwa wokhala m'tauniyo, kaya ndi mbale, wa mpingo, mnzanu wa kusukulu, dalaivala wa basi wa njira imeneyo kapena wakabaza wodalirika, mumutumizire ya mafuta, apite akaime pageti. Asangoona kuti nyumbayo ilipo. Alowe, apeze mwini kapena wa pa kauntala, amuonetse nambala imene mwapatsidwa n'kufunsa ngati ndi yawo. Ngati n'kotheka, aiimbe ali pompo aone ngati ilira m'nyumbamo. Pa nyumba ya lendi, afunsenso anansi kapena mkulu wa deralo, secretário do bairro, chifukwa iwowo amadziwa mwini poloti iliyonse. Safunsa anadya phula. Ndalama ya wakabaza ndi yochepa poyerekeza ndi lendi ya miyezi itatu.

Ngati mulibe aliyense kumeneko, foni yomweyo ingakuthandizeni, mukaigwiritsa ntchito modekha. Nambala musaitenge pa tsamba limene lakupezani. Ifufuzeni kwina, pa Google Maps, pa chithunzi cha chikwangwani chimene mlendo wina anajambula, kapena kwa amene anagonako, ndipo muone ngati zikufanana. Facebook imaonetsa tsiku limene tsamba linatsegulidwa ndi mayina amene linakhalapo nawo. Loji imene ikudzitama kuti yatumikira alendo zaka khumi koma tsamba lake ndi la mwezi watha ndi yokayikitsa. Tengani chithunzi chimodzi muchiike mu Google Lens: mukapeza khonde lomwelo likutsatsidwa ku Pemba, ku Salima ndi ku Vilankulo, mwadziwa. Pemphani kuimbirana pa kanema, munthuyo ayende kuchokera pamsewu, adutse pachikwangwani, alowe m'chipindamo mukuona. Kanema wojambuliratu musamuvomere, chifukwa nayenso amakoperedwa. Muuzeni atsegule windo kapena mpope mukuyang'ana. Ndipo dzina likatuluka losiyana potumiza ndalama, imani pomwepo. N'zoona kuti mabizinesi ang'onoang'ono ambiri amalandirira pa nambala ya mayi kapena ya mwana, koma wachilungamo sakwiya mukafuna kutsimikiza. Amene akukufulumizitsani, amene akuti pakangotha ola limodzi chipinda chipita, ameneyo akuopa kuti mungaganize. Amene mukugwiritsa ntchito Airbnb kapena Booking.com, musalole kukokeredwa pa WhatsApp ndi lonjezo la mtengo wotsika. Mukalipirira kunja, chitetezo cha kampaniyo mwachisiya.

Zikachitika, nthawi ndiyo chuma. Imbirani kampani ya foni nthawi yomweyo, muwapatse nambala ya chiphaso cha malipiro imene ili mu uthenga uja. Ngati ndalamazo zisanatapidwe, pamakhala mwayi woziimitsa. Musafufute kalikonse. Jambulani tsambalo, macheza onse, nambala ndi dzina lija, wakubayo asanazichotse. Kenako pitani ku polisi, kumene nkhani zotere zimapita m'manja mwa SERNIC, bungwe lofufuza milandu. Kuyambira 2022 ofesi ya Procuradoria-Geral da República ili ndi tsamba la pa intaneti lolandira madandaulo a chinyengo cha pafoni ndi cha malipiro amakono, ndipo INCM ndi imene imayang'anira makampani a mafoni. Ku Malawi kuli nthambi ya polisi yoona za chuma ndiponso MACRA, imene imayang'anira makampani a mafoni kumeneko, ndipo lamulo la 2016 la malonda ndi chitetezo cha pa intaneti limagwira milandu yotere. Uzaninso mwini malo weniweni. Sindikulonjezani kuti ndalama zibwerera, pakuti kawirikawiri sizibwerera. Koma nambala ikadandaulidwa ndi anthu asanu imatsekedwa msanga kusiyana ndi imene aliyense wangoilirira kuchipinda. Manyazi a oberedwa ndi amene amadyetsa mbava zimenezi. Chenjeraninso ndi amene amabwera pambuyo pake n'kumati ndi wa ku kampani ya foni kapena wapolisi ndipo akubwezerani ndalama mukamutumizira kena kapena mukamuuza nambala yanu yachinsinsi. Nthawi zambiri ndi yemwe uja wavala malaya ena.

Eni malo nawonso asamangodikira kuti banja lolira lifike pageti. Dzina la malo ndi nambala yeniyeni zilembedwe pakati pa chithunzi chilichonse, osati m'mphepete momwe wakuba angadule. Nambalayo ilembedwenso ndi penti pachikwangwani cha pamsewu. Kamodzi pa sabata lembani dzina la loji yanu pa Facebook muone ngati labereka mapasa, ndipo mukalipeza labodza, lengezani kwa alendo anu akale, muwapemphe kuti onse alidandaulire kuti lichotsedwe. Amene angathe atsegule nambala ya bizinesi yolandirira malipiro, kuti wolipira aziona dzina la malowo m'malo mwa dzina la mlamu.

Komabe si bwino kuti katundu yense asenzedwe ndi mlimi wa mpunga ndi mayi wa resitihausi. Makampani a mafoni amadula kena pa ndalama iliyonse yotumizidwa, kuphatikizapo yopita kwa wakuba. Ali ndi njira zoonera nambala yatsopano imene ikulandira ndalama kwa anthu osadziwana n'kumatapa nthawi yomweyo, ndipo ayenera kuiimitsa asanadikire madandaulo. Facebook imalandira ndalama zotsatsira masamba abodza, ndiye kuchotsa tsamba lotere kusamatenge masabata. Ndipo machenjezo ambiri amatuluka m'Chipwitikizi, pa intaneti, pamene mayi amene akutumiza lendi ya mwana wake amalankhula Chinyanja, Chilomwe kapena Chiyao, ndipo nkhani amamvera pa wailesi. Rádio Moçambique ya ku Lichinga imaulutsa kale m'zinenero za m'chigawo chino. Machenjezo amenewa azimveka pamenepo ndi pa mawailesi a m'madera, makamaka mu Novembala ndi Januwale, komanso m'matchalitchi, m'mizikiti ndi pa misonkhano ya makolo kusukulu. Apolisi a pa Entre Lagos ndi a pa Nayuchi amaonana tsiku lililonse pa nkhani za katundu ndi ziphaso. Agwirizanenso njira yoti woberedwa wa tsidya lino azipereka dandaulo lake pamalire pomwepo, popanda kukafika ku Liwonde kapena ku Zomba.

Inu amene mukukonza ulendo wa Disembala, kapena mwana wanu akudikira mayina a ku yunivesite, yambani lero kufunsa kuti m'tauni imeneyo mukudziwamo ndani. Ndalama musatumize kufikira munthuyo ataima pakhomopo n'kukuuzani kuti nambalayo ndi ya eni ake.